Kakombo wa m'damu la kampani

Anthu a msinkhu wanga akamakumbutsana za chaka cha 1992 amayambira pa chimanga chachikasu. Ine ndimayambira pa duwa. Ndi duwa la pamadzi lija, kakombo, la mtundu wa kumwamba kukacha bwino, pakati pali chikasu. Ana a masiku ano akaliona amatulutsa mafoni n'kumalijambula. Ine ndimangopitiriza ulendo wanga, chifukwa ndikudziwa chimene chili pansi pake.

Disembala

Nthawi imeneyo tinkakhala m'malayini a esiteti ina ya tiyi, kufupi ndi Limbuli: ine, amuna anga a Layisoni, ndi mwana wathu Dolika, amene anali atangosiya kumene bere. A Layisoni ankayang'anira injini ya pampu pa damu la kampani, yokoka madzi kupita ku nazale ndi ku tiyi wamng'ono. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukawakalipira ankayamba ayang'ana kaye kumapazi kwawo, ngati yankho lili pamenepo. Ine ndinkathyola tiyi nyengo ya dzinja, ndipo tinali ndi kamunda kobwereka kuseri kwa mabulugamu a kampani.

Mvula inayamba bwino chaka chimenecho, ndisaname. Tinadzala ndi mvula yoyamba, chimanga chinamera chonse, nandolo m'mizere, maungu m'mphepete. Tiyi anaphukira moti dengu linkadzadza dzuwa lisanafike pamutu. Pa Khirisimasi tinadya mpunga ndi nkhuku, ndipo a Layisoni anatumiza shuga ndi sopo kwa amayi anga kumudzi.

Kwathu n'kuchigwa. Ukafika pa Nkando umasiya msewu n'kulowera kumpoto, komwe phiri limaonekera patali ndipo madambo amasunga madzi mpaka chilimwe. Amayi ankakhala okha kumeneko chimwalirire bambo. Dzina lawo anali a Elube: aatali, owuma thupi, kabotolo ka fodya wa mphuno pa mfundo ya chitenje, pakamwa posasungira munthu mawu. Akakwiya kwambiri Chichewa chinkawachepera, ankamalizira m'Chilomwe. Ine ndinatengera iwowo, ndiye sitinkachedwa kukangana.

Febuluwale

Mvula inaduka chimanga chikumasula. Poyamba tinkaseka. Ku Mulanje kuno mvula n'kusowa? Kuno komwe zovala zimachita nkhungu zili pachingwe? Koma sabata inatha, inzake inatha, phiri lili mbee, lopanda ndi kamtambo komwe. Mathithi aja otsika pathanthwe anauma n'kusiya mizere yotuwa. Masamba a chimanga anapindika ngati a anyezi, kenako anayamba kuchita phokoso mphepo ikawomba. Kutchalitchi tinapemphera, akuluakulu ena anakwera kuphiri ndi ufa wa nsembe mwakachetechete, koma kumwamba sikunasinthe.

Tiyi naye anaima. M'mawa wina kapitawo anatiimika ife amayi pamalo oyezera tiyi n'kunena kuti tibweze madengu, adzatiitana mvula ikabwera. Tinabwerera kumalayini dzuwa lisanatenthe, manja ali lende.

Chimene ana a lero sangamvetse n'chakuti liwu loti njala linali losatchula. Dziko linali la chipani chimodzi, ndipo pa wailesi ankati aliyense m'dziko muno akukhuta. Bambo wina pamsika wa Limbuli anangoti, "Chaka chino tifa ndi njala." Anyamata a malaya ofiira, amene ankaima pachipata kufunsa makadi a chipani, anamukhazika padzuwa mpaka msika unatha. Ndiye tinaphunzira kunena kuti, "Dzuwa lawalako chaka chino." Tinkanena choncho ngakhale tili awiriwiri pampopi.

Meyi

Zimene tinakolola ndinazisenza ulendo umodzi, Dolika ali kumsana. Nandolo yekha ndiye anali chiimire m'munda, koma naye mbuzi za anthu zinamulowerera.

Amayi anafika mwezi womwewo, masana, fumbi mpaka m'mawondo. Ananyamula mkeka, khasu ndi kathumba ka kalongonda, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lonse.

"Kumudzi kulibe kanthu, mwanaka," anatero akukhala pansi. "Dambo lauma mpaka kung'ambika. Nyika, mizu ija ya m'matope, takumba yonse, tinkalimbirana ndi nkhumba. Ndati ndikafere pafupi ndi mwana wanga, anthu asavutike n'kutumiza uthenga."

"Mwayamba kale za imfa musanamwe ndi madzi omwe?"

"Nanga madziwo wandipatsa?"

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Sadyera pamodzi, sakhala pamkeka umodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi zimenezi sizivuta, bwalo ndi lalikulu. Koma nyumba ya kampani inali chipinda chimodzi ndi kakhitchini kumbuyo. Komanso mwamwambo a Layisoni ndiwo anayenera kukhala pakhomo pa amayi, osati amayi pakhomo pa iwo, ndiye onse awiri manyazi anawagwira. Amayi anayala mkeka wawo m'khitchini. A Layisoni akamachokera kuntchito ankaima pakona pa nyumba n'kutsokomola, kuti amayi afunde chitenje kumutu n'kuyang'ana kukhoma.

Kulankhulana kwawo kunkadzera mwa ine.

"Mayi a Dolika, muwafunse amayi ngati agona bwino," a Layisoni ankatero ali pakhonde.

"Uwauze apongozi kuti ndagona," amayi ankayankha ali kuseri kwa khoma, "koma makoswe a kampani ndi onenepa kuposa antchito."

Onse ankamvana bwinobwino, koma ankadikira kuti ine ndibwereze. Tsiku lina ndinatopa nazo n'kunena kuti, "Kodi ine ndine lamya?" Amayi anandiyang'ana moti sindinafunsenso.

Ogasiti

Phoso la kampani linali la munthu mmodzi wogwira ntchito, ufa pang'ono ndi nyemba pakutha pa sabata. Malipiro a a Layisoni ankathera pamzere wogula chimanga, ndipo nthawi zambiri mzerewo unkatha ndi mawu oti, "Chatha, mubwere mawa." Mtengo wa kwa mavenda sitinkaufunsa n'komwe, kuopa kudzichititsa manyazi. Chimanga chachikasu chaulere chitabwera chinkagawidwa m'midzi. Ife a m'malayini anati ndife apantchito. Amayi akanalandira kwawo, koma ulendo wa ku Nkando wapansi, m'mimba muli mbee, sakanautha.

Mphekesera ndiye zinali zambiri. Ena ankati chimanga chimenecho kumene chachokerako n'cha ng'ombe. Ena ankati chimafoola amuna. Onena zimenezo ndi omwe ankatsogola pamzere. Ena ankapita kumalire kukagula ufa kwa othawa nkhondo a ku Mozambiki, anthu omwe chaka chapitacho tinkawamvera chisoni. Mnzanga wa khomo loyandikana, a Fanesi, anagulitsa wailesi, kenako mbale, kenako chitseko cha khitchini chimene sichinali chawo n'komwe. Amuna awo anati akukafuna ganyu ku Limbe, ndipo sitinawaonenso.

Ife tinayamba kusakaniza ufa ndi madeya, kenako madeya ndi zitsa za nthochi zosinja. Akuluakulu tinkapirira. Dolika ndiye anasintha. Analeka kuthamanga. Tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka, mapazi anatupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Ku sikelo ya ana anandiuza kuti ndizimupatsa phala la ufa wabwino, lothira nyemba kapena nsinjiro, kangapo patsiku. Ndinavomera mwaulemu, mumtima ndikutukwana.

M'malayini maliro a ana anali atayamba kale. Ndinkadziwa kuti phoso lija likanakhala la Dolika yekha akanachira, koma linkalowa m'kamwa mwa tonse. Amayi nawo ankadziwa. Anayamba kunamizira m'mimba n'kumabweza mbale. Ndikawakakamiza ankati, "Ine ndinabwera kudzafa, sindinabwere kudzapha mdzukulu."

Seputembala

Tsiku lina amayi anapita kukatola nkhuni za bulugamu. Anabwera opanda ndi kamtengo komwe, akuyenda ngati mtsikana.

"Iwe Enelesi, anthu a kuno ndi opusa eti? Mukufa ndi njala..."

"Amayi, pang'onopang'ono!"

"Mukufa ndi dzuwa lanulo, chakudya chili mbwee pamadzi a apongozi?"

M'mawa mwake ananditengera ku damu, njira ya m'tiyi yozemba alonda. Damulo linali m'chigwa pakati pa minda iwiri, madzi atatsikako n'kusiya matope m'mbali. Chakumtunda kwake kunali kakombo wodzadza. Ndinali nditakhala pa esiteti zaka ndithu, ndikuwaona maluwawo, osaganizako kuti pansi pake pali nyika yomwe ija ya kwathu. Ankati mkazi wa bwana wamkulu amawakonda, ndipo kulowa m'damu kunali koletsedwa. Ine ndinkangowaona ngati katundu wa kampani.

Tinakhala m'mphepete mwa tiyi, amayi akuyang'ana pamadzi ngati munthu woyendera munda wake. Dzuwa litakwera maluwa anayamba kutseguka limodzilimodzi, fungo lake likufika pamene tinali. Masamba ake ndi ozungulira ngati mbale, ong'ambika mbali imodzi, pamwamba obiriwira, kunsi kofiirira. Kambalame ka zala zazitali kankayenda pamwamba pake osamira.

"Kakombo safuna madzi othamanga," amayi anatero. "Amafuna madzi ogona, matope akuda ndi dzuwa. Pamthunzi samera. Amatseguka m'mawa, dzuwa likapendeka watseka. Duwa likatha, phesi limadzipinda n'kukokera mbewu pansi pa madzi kuti ikakhwimire komweko. Dambo likauma masamba amafa, koma nyika imagona m'matope kudikira mvula. Ukaona masamba aakulu, akale, nyika yakenso ndi yaikulu. Timasamba tating'onoto usiye, n'ta chaka chamawa."

Anavula bulauzi, anakwinya chitenje ngati thewera, china anachimanga m'chiuno ngati thumba, n'kulowa. Nyika amakumba ndi mapazi. Umagwira phesi, lofewa ngati chingwe chonyowa, n'kumalitsata ndi chala chachikulu cha kuphazi mpaka m'matope. Ukagunda chinthu cholimba umachigwedeza ndi chidendene, kenako umamira n'kuchizula ndi dzanja. Amayi ankavuuka matope ali kumaso, misundu itakakamira m'miyendo, n'kuponya m'thumba chinthu chakuda, chokhakhala, kukula kwake ngati dzira la bakha.

"Simukuopa kuya?" ndinafunsa ndili pamtunda.

"Pamene pali duwa munthu amaima," anatero. "Kakombo samera pozama. M'madambo onse a kwathu ndayendamo ndikutsata duwa, sindinamwepo madzi."

Ndinayesa kulowa, koma ine madzi ndimaopa chibadwire. Atangondifika m'chifuwa ndinabwerera ndikupuma mothamanga. Amayi ananditcha nkhuku, n'kundiuza kuti ndizikhala kunyumba ndi mwana.

Nyika siikoma, wina asakunamizeni. Umaiphika nthawi yaitali, n'kusenda khungu lakuda lija. Mkati mwake ndi motuwa, mowawirako, ndipo imauma pakhosi. Ina tinkaidula n'kuyanika kuseri kwa khitchini, kenako kusinja ufa wakuda. Makoko tinkakwirira, kuopa a tcheyamani a chipani a m'malayini, chifukwa kudya nyika kunali ngati kulengeza kuti kuli njala. Koma kuyambira tsiku limenelo akuluakulufe tinkadya nyika, ufa ndi nyemba za phoso zikupita kwa Dolika yekha.

A Layisoni anadya osafunsa. Akanafunsa chiyani? Kanyumba ka pampu kanali tsidya lina la damu lomwelo. Ankawaona apongozi awo m'mawa uliwonse akulowa m'madzi chifuwa chili pamtunda, ndipo ankatembenuza mpando wawo kuyang'ana ku injini. Mlonda akamayandikira ankamuitanira kuseri kwa kanyumbako kuti akasute fodya, mpaka amayi atatuluka.

Okutobala

Kunatentha moti malata a m'malayini ankalira okha. Ana ankagwetsa mango osakhwima, ife n'kumaphika. Koma pakhomo pathu zinthu zinayamba kusintha. Mapazi a Dolika anaphwa. Anayambanso kulirira chakudya, chinthu chimene anali atasiya. Tsiku lina anamenya mwana wa a Fanesi ndi chitsononkho pamutu, ine m'malo momukalipira ndinalira ndi chimwemwe.

Amayi analeka kubweza mbale. Anayamba kulamula pakhomo ngati kwawo, kundiuza kuti sindidziwa kusesa, kuti mwana ndimamumanga molakwika. Madzulo ankabisa nyika pang'ono m'chitenje n'kukawasiyira a Fanesi. Sindinawaonepo akunyada ngati mwezi umenewo.

Koma tiyi wamng'ono anali kufa, ndipo kampani inalamula kuti pampu iziyenda tsiku lonse. Madzi a m'damu ankatsika tsiku ndi tsiku. Nyika ya m'mphepete inatha. Ina anakumba amayi, ina inatsekeredwa m'matope ouma ngati njerwa, poyera pomwe mlonda akanawaona ali ndi khasu. Maluwa otsala anali chapakati.

Madzulo ena a Layisoni anatsokomola pakona, n'kukhala pakhonde osavula jombo.

"Mayi a Dolika, muwauze amayi mawu awa. Damu si dambo. Pakati paja pali khwawa la mtsinje wakale, ndinaliona chaka chimene tinkakonza chipupa. Munthu umayenda madzi ali m'chiuno, kenako pansi palibe. Maluwa ajawo mizu yake ili kosaya, koma mapesi anatalika nthawi imene damu linali lodzadza. Pano madzi atsika, mapesi ali lende, ndiye mphepo ikukankhira maluwa pamwamba pa khwawa."

Sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chotero. Ndinatembenukira kukhitchini kuti ndibwereze, koma amayi anali atamva kale.

"Uwauze apongozi kuti zikomo. Iwo adziwa injini, ine ndidziwa kakombo. Ndinayamba kukumba nyika iwo asanabadwe."

"Muwauze kuti ndikupempha."

"Uwafunse ngati ufa wa kampani wawonjezeka."

A Layisoni anayang'ana jombo zawo. Ufa unali usanawonjezeke.

Ndinakangana nawo amayi mpaka mawu anandithera. Ndinati tibwerere ku madeya. Iwo anandilozera Dolika, amene ankasewera ndi chikho pabwalo, n'kunena kuti, "Ukufuna atupenso?" Ndimaganiza kuti awiriwo akanakhala pansi pamodzi, a Layisoni n'kujambula khwawalo padothi ndi kamtengo, amayi n'kuona nkhope yawo, mwina akanamva. Koma pakati pawo panali khoma la khitchini.

Novembala

Mitambo inayamba kusonkhana paphiri masana n'kubalalika madzulo. Anthu anali atakonza mizere, ambiri opanda mbewu yodzala.

M'mawa wina, dzuwa litakwera kale, ndinali pamzere wa ndowa kumpopi. Ndinangoona munthu akuthamanga m'tiyi, jombo imodzi itavuka. Anali a Layisoni, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akuthamanga.

"Mayi a Dolika! Tiyeni mukawaitane amayi! Akulowera kukhwawa!"

"Inu simunawaitane?"

"Sanavale."

Ndinataya ndowa. Titafika, bulauzi yawo inali pachitsamba cha tiyi, kabotolo ka fodya kali pamwamba pake. Pamadzi panali zii. Pakati pa maluwa panali malo otseguka, masamba ena atatembenuzika, kunsi kofiirira kuja kuli pamwamba. Ndinakuwa kuti "Amayi!" mpaka mawu anasasa. Injini ya pampu inali ikulirabe.

A Layisoni analowa ndi zovala zomwe. Amuna a ku nazale anabwera ndi nsungwi. Amayi anawapeza masana, maluwa atatseka kale, mapesi atawakulunga m'miyendo ndi m'manja. A Layisoni ndiwo anawanyamula kutuluka nawo m'madzi. Kanali koyamba kuwakhudza apongozi awo, koyambanso kuwayang'ana kumaso.

Pamtunda pomwepo anandiuza zonse. Anawaona akudutsa pamene ankalekezera masiku onse, akutsata duwa lina lalikulu. Anaimirira. Anatsegula pakamwa. Koma amayi anali osavala kuyambira m'chiuno, ndipo kuwaitana kukanasonyeza kuti akuwayang'ana, kuti akhala akuwaona masiku onsewo. Ndiye anatsokomola. Injini ikulira, munthu n'kutsokomola! Ataona kuti amayi sakutembenuka, anathamanga kudzanditenga ine, lamya yawo.

Ndinawamenya zibakera pachifuwa anthu akuona.

"Mukanakuwa! Mukanawatukwana! Akanakwiya nanu chaka chonse, koma ali moyo!"

Sanadziteteze. Anangoima, madzi akuchucha m'zovala.

Amayi osambitsa maliro anamasula thumba la m'chiuno lija. Linali pafupi kudzadza, ndipo ndikudziwa kuti kulemera kwake kunathandiza kuwakokera pansi. Ena anati likatayidwe, chinthu chochokera pathupi la wakufa sichidyedwa. A Fanesi analifunditsa chitenje chawo n'kukalisiya m'khitchini, pamkeka wa amayi.

Galimoto yopita nawo kumudzi sinapezeke. Tinawaika kumanda a kampani, pakati pa anthu osawadziwa. Polankhula, a tcheyamani anati mayi wathu waterereka akusamba, ndipo anachenjeza amayi a m'malayini kuti azisamba kumabafa. Aliyense ankadziwa zoona zake, ndipo aliyense anavomera ndi mutu. A Layisoni nawo anavomera, chifukwa zikanadziwika kuti ankawaona osanena, ntchito, phoso ndi nyumba zikanatha tsiku lomwelo. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisalankhule.

Anthu atabalalika ndinaphika nyika ija. Ufa wa sabata imeneyo unali utathera pamaliro, kotsalako kanali ka Dolika. Ndinasenda ndikulira, ndinadya ndikulira. A Layisoni anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mbale.

"Idyani," ndinatero. "Mukakomoka pa injini, mwanayu adya chiyani?"

Anadya.

Januwale

Mvula inagwa amayi asanathe mwezi m'manda. Inagwa yeniyeni, mathithi anabwerera pathanthwe, khwawa la m'damu linamira pansi pa madzi ofiira. Tinadzala mbewu yopempha. Kapitawo anatiitananso, ndipo ndinabwerera m'tiyi Dolika ali kumsana.

Kwa ambiri miyezi imeneyi ndiyo inali yoipitsitsa, chimanga chili chobiriwira m'munda, m'nyumba mulibe kanthu. Anthu ankadya masamba a maungu opanda mchere. Mwana wa a Fanesi, uja anamenyedwa ndi chitsononkho, anamwalira mvula ikugwa. Ife tinapulumukira ufa wakuda umene amayi anasiya m'chitini kuseri kwa mafuwa. Sindinkadziwa kuti anali atasunga wochuluka chotero. Tinaudya pang'onopang'ono, phoso likupitabe kwa mwana, mpaka malipiro anga oyamba anatuluka.

Ndi a Layisoni tinkangolankhulana zofunika. Mchere watha. Mwana watentha thupi. Tsekani chitseko.

Epulo

Tinakolola. Sizinali zambiri, koma sindinasenze ulendo umodzi. Dolika anadya chimanga chachiwisi mpaka m'mimba munamupweteka, tsitsi lake litayambanso kuda. Anthu anali atayamba kunong'onezana za zipani zambiri, ndipo ena ankatchula liwu loti njala mokweza pampopi, tsopano itatha.

Ndinapita ku damu kamodzi kokha. Linali lodzadza mpaka pachipupa, kakombo atafalikira kuposa kale. Timasamba tija amayi ankasiya tinali titakula. Ndinaima pang'ono, ndinabwerera, ndipo sindinapitekonso.

A Layisoni sanasiye kutsokomola pakona. Tsiku lililonse pochokera kuntchito ankaima, kutsokomola, kudikira pang'ono, kenako n'kudutsa pa khitchini mopanda munthu. Poyamba ndinkapsa mtima. "Mukutsokomolera ndani?" Ankangolowa m'nyumba. Tinachoka m'malayini, tinamanga nyumba yathu kumudzi, koma ankaimabe pakona mpaka chaka chimene anamwalira. Sindinganene kuti ndinawakhululukira tsiku lakuti. Anali munthu wabwino, woleredwa bwino, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa.

Dolika anakula. Ndi wamtali ngati agogo ake, pakamwa chimodzimodzi. Tsiku limene anabwera ndi mwamuna wake pakhomo, mnyamata wocheka matabwa ku Chambe, abale anasonkhana. Mnyamatayo atangondiona anapatuka, n'kukagwada kuseri kwa nkhokwe, maso ali pansi. Azakhali a mnyamatayo anasangalala kuti tione tokha mmene mwana wawo analeredwera.

Ndinanyamuka, ndinakamugwira dzanja, n'kumukhazika pamkeka wanga, mbale imodzi pakati pathu. Anthu anayamba kung'ung'udza. Mnyamata anaweramitsa mutu.

"Ndiyang'aneni," ndinatero. "Kumaso kuno. Dzina langa ndine Enelesi. Tchulani."

"Amayi, pepani, sindingathe."

"Tchulani. Mokweza. Ndikufuna ndimve kuti mawu anu amafika patali bwanji."